Tindege ta Anabanda

Ana anga, mumandifunsa kawirikawiri chimene chinandichotsa pakhomo pa amayi anu, ine amene ndinaumba njerwa za nyumba ija ndi manja angawa. Ena mwa inu munamva za pamaliro, ena munatola za kumsika, ndipo zonsezo n'zoperewera. Ndilemba pano mmene zinayendera. Nkhaniyi siyambira pamaliro koma pantchito, pakuti ine ndinalandira malipiro a boma zaka zonse zija chifukwa chopha mbozi, ndipo pamapeto pake ndi mbozi zimene zinandisamutsa pamudzi.

Ku Dambe, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Ndinafika ku Dambe ndili mnyamata wochokera ku Ntcheu, nditangomaliza maphunziro a ulangizi wa zaulimi. Anandipatsa njinga yakapalasa, sipuleya yobereka kumsana, ndi kanyumba ka malata kamene chitseko chake ndinkatsekera ndi mwala. Bwana wanga woyamba anali a Kaliwo, munthu wamfupi, wosaseka, wovala tayi ngakhale polowa m'munda wa fodya. Tsiku loyamba anandiyendetsa m'nazale ya mlimi wina, anatola mbozi patsamba, n'kuifinya ndi zala pamaso panga. Kenaka anapukuta zalazo ndi mpango woyera n'kunena kuti, "Angozo, mbozi ilibe mlandu waung'ono. Mukaiona patsamba musaifunse dzina." Ine ndinangoti inde bwana, ndipo mawuwo ndinawagwiritsa ntchito mokhulupirika. Ndinkazungulira makalabu a alimi kuphunzitsa kasakanizidwe ka mankhwala, kuthira m'nsonga za chimanga pothana ndi kapuchi, ndi kuyang'ana kunsi kwa masamba a fodya. Alimi ankanditcha a Sipuleya ndikapereka msana, ndipo ndinkadziwa.

Amayi anu, Anabanda, ndinakumana nawo m'zaka zomwezo. Kwawo kunali mudzi wina kufupi ndi Kamwendo, koma panthawiyo ankaphunzira kusoka kwa asisitere. Pachinkhoswe chathu atsibweni anu a Sitefano, mlongo wawo wamkulu, amene ndiye anali mwinimbumba, anandiuza moseka kuti, "Alamu, pakadali pano mwini wanu ndi boma, tengani mlongo wanga muzizungulira naye. Koma boma likadzatopa nanu, mudzabwera kuno." Choncho chikamwini ndinalowa cha pakamwa chabe, thupi linkagona m'nyumba za boma. Katundu amene amayi anu anabwera naye sanali wambiri: makina osokera, mapoto, ndi kamtengo m'chitini kamene anapempha kwa asisitere aja. Kanali ka maluwa oyera onunkhira kwambiri, masamba ake onyezimira, ndipo asisitere ankati dzina lake ndi gadeniya. Anakadzala pafupi ndi khonde. Ine ndikabwera kuntchito ndinkatsuka sipuleya n'kupopera madzi otsalawo pakamtengoko, poti kutaya mankhwala a boma pansi kunkandipweteka mtima. Tsamba lake silinalumidwepo ndi kachilombo ngakhale kamodzi, ndipo ndinkanyada nazo.

Ku Kachebere, m'zaka za m'ma 1990

Atandisamutsira ku Kachebere tinakweza nthambi za gadeniya palole pamodzi ndi nkhuku, ndipo kumeneko amayi anu anadzala zitsamba zitatu. Bwana wa kumeneko anali a Mwale, wosiyana kotheratu ndi a Kaliwo. Anali wansangala, wokonda misonkhano, ndipo funso lililonse ankaliyankha ndi mawu amodzi akuti, "Zikubwera." Chaka china zinthu zinasowa zenizeni. Mankhwala sanafike, mafuta a njinga yamoto kunalibe, ndipo kalabala ka m'sipuleya yanga katang'ambika ndinakasoka ndi ulusi wa amayi anu mpaka panalibenso posoka. Alimi ankadutsa malire kukagula mankhwala a m'mabotolo opanda dzina, n'kubwera kudzandifunsa kuti athire angati. Ndinapita kwa a Mwale n'kunena kuti, "Bwana, mbewu zikutha, alimi ndiwauza chiyani?" Iwo anandigwira paphewa n'kuti, "Auzeni azitola ndi manja, Angozo. Mulungu anapatsa munthu zala asanamupatse sipuleya." Ndinatuluka nditakwiya, koma ndinakaphunzitsa zomwezo, kutola ndi manja ndi kuthira phulusa, ngati kuti ndi nzeru zanga.

Dzinja limenelo gadeniya sanapoperedwe, ndipo kwa nthawi yoyamba analumidwa. Zinabwera mbozi zobiriwira, zosalala, zazikulu ngati chala chaching'ono, zokhala ndi kanyanga kumchira. Ndinkazitola n'kuponyera nkhuku. Tsiku lina masana ndikudya, amayi anu anandiitana ali pakhonde.

"Angozo, tabwerani mudzaone kambalame aka. Kakuima m'mwamba."

Ndinatuluka dzanja lili losasamba. Kanthuko kanali pamaluwa ofiirira a kumpanda, kataima m'malere osatera, mapiko osaoneka chifukwa cha liwiro, kakulira ngati njuchi yaikulu. Thupi lake linali lonenepa, lobiriwira mopita kuchikasu, lamba wofiira m'chiuno, ndi kamchira kakuda kotambasuka. Kanatulutsa kamlomo katali ngati ulusi, n'kulowetsa m'duwa, n'kubwerera chambuyo, n'kupita paduwa lina.

"Si mbalame iyi," ndinatero. "Mbalame yanji yokhala ndi tinyanga pamutu? Ndi mtundu wa gulugufe."

"Gulugufe ndimamudziwa ine, amauluka ngati waledzera. Aka kakuyenda ngati kandege. Inu zimene simunaphunzire kusukulu kwanu mumangozitcha tizilombo."

Tinakangana mpaka chakudya chinazizira. Dzina lakuti kandege linakhazikika tsiku lomwelo, ndipo m'nyumba mwathu sitinakatchulepo dzina lina. Patapita masiku ndinakaona kakuchita zachilendo pa gadeniya. Sikankafuna duwa, kankangokhudza nsonga yanthete ndi kumchira n'kuchoka. Nditayang'ana pansongapo ndinapeza kadzira kamodzi kobiriwira, kochepa kuposa njere ya mpiru. Ndinayamba kukayikira kuti mbozi zija ndi kandege ndi banja limodzi, koma amayi anu anati sangakhulupirire za pakamwa.

Ndiye ndinachita chimene a Kaliwo akanandichotsera ntchito. Ndinatenga ndowa yobooka, ndinathiramo dothi pang'ono ndi masamba ouma, ndinaikamo mbozi zingapo, n'kuvindikira ndi chidutswa cha neti yakale. M'mawa uliwonse ndisanakwere njinga ndinkathyola nsonga za gadeniya n'kuziikamo, n'kutaya zofota ndi timanyi take. Zinkadya ngati aganyu. Zitakula zinasiya kudya, zinada khungu, zinayendayenda m'ndowamo ngati zasowa njira, kenaka zinalowa pansi pa masamba ouma n'kuwalumikiza ndi tiulusi. Titavundukula tinapeza zikwa zofiirira, zolimba, zosongoka kumapeto. Amayi anu anati, "Mwapha. Dzanja lanu linazolowera." Ndinakhudza chimodzi ndi kaudzu ndipo chinagwedeza mchira. Anadumpha n'kugwira pamtima, kenaka anaseka mpaka misozi.

Tinadikira masabata angapo. M'mawa wina amayi anu anapeza kandege katakwera paneti, mapiko ake otuwa ngati awaza phulusa. Anandiletsa kupita kuntchito. Dzuwa litatentha kanayamba kunjenjemera, fumbi lotuwa lija linayoyoka, ndipo mapiko anatsala oonekera mkati ngati galasi, mitsempha yokha yakuda. Anachotsa neti, ndipo kanadutsa pakati pathu n'kuzimiririka kumpanda. Ndinayembekezera kuti avomereze kuti mkangano ndapambana ndine, koma iwo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukupopera tiana take?"

"Ndi ntchito yanga, Anabanda."

"Ntchito yanu izithera kumpanda uko."

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panakhala malamulo awiri, ndipo onse anaika ndi iwo. Loyamba, sipuleya siyandikira maluwa. Lachiwiri, pansi pa gadeniya sasesapo, chifukwa zikwa zimagona m'masamba ogwa, ndipo za kumapeto kwa mvula zimakhala pompo nyengo yonse yozizira mpaka kutentha kubwere. Popeza amayi anu ankathyola maluwa oyera aja kukakongoletsa guwa kutchalitchi, anapatula chitsamba chimodzi kuti chikhale cha mbozi, ndipo ikapezeka pa zinazo ankainyamula ndi tsamba lake kuipititsa kwawo. A Mwale atabwera kudzationa tsiku lina anaima pachitsamba chodyedwacho n'kupukusa mutu. Anati, "Angozo, mlangizi wathunthu kuweta mbozi? Alimi akaona tidzawauza chiyani?" Amayi anu anayankha ali pamakina kuti, "Muwauze kuti mankhwala akubwera, bwana." A Mwale anaseka kwambiri, ndipo nkhaniyo sinafike kuofesi. Mankhwala atayambanso kufika ndinapitiriza kupopera m'minda ya alimi monga kale, pakuti mbozi ya pafodya ndi njala ya munthu. Ndinkangosamba m'manja ndisanalowe kumpanda.

Kupuma ntchito, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010

Boma litatopa nane, mawu a atsibweni anu anakwanira. Ku Ntcheu makolo anga anali atamwalira, minda inali m'manja mwa ana a alongo anga monga mwa mwambo, ndipo kunalibe pomanga. Mbumba ya amayi anu inatipatsa malo kumapeto kwa mudzi, ndipo ndinamanga nyumba imene mukuidziwa. Ndinakhala mkamwini weniweni imvi zili mbuu. Sindinganame, anandilandira bwino. Ankabwera kudzafunsa za feteleza ndi za matenda a tomato, ankandipatsa mpando pamilandu ing'onoing'ono, koma ndinkadziwa malire anga. Mkamwini amalankhula akafunsidwa, ndipo pa za mwambo wa eni mudzi amangoyang'ana pansi.

Gadeniya amene tinabwera naye anakula bwino padothi lija kuposa kwina konse, mpaka anafika m'mapewa mwanga. Tsono mukudziwa mmene akazi a kumudzi amasesera pabwalo, m'mawa uliwonse mpaka dothi kuwala, mizere ya tsache ili ndondondo. Bwalo la amayi anu linalinso choncho, kupatula pansi pa zitsamba zija pamene panali mulu wa masamba owola. Abale awo ankawaseka kuti, "Kodi tsache lanu limathera pamenepa?" Iwo ankangoti, "Pamenepo pasiyeni," n'kusintha nkhani. Sanali munthu wofotokoza. Ine ndinayesapo kamodzi kuuza a Sitefano titakhala pakhonde, kandege kakudutsa pamaso pathu. Anamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa kuti, "Mbozi zakezo zimadyedwa ngati mphalabungu?" Nditati ayi, anafunsanso kuti, "Nanga mukuwetera chiyani, alamu?" Ndinasintha nkhani, ndipo tinayamba kukamba za mitengo ya fodya.

Zaka zimenezo ndi zimene ndinakhala mwamtendere kuposa zonse. Tinali ndi ndowa zathu kuseri kwa khitchini zotetezera mbozi ku nkhuku, mavu ndi nyerere, ndipo zikasanduka zikwa amayi anu ankakaziika pansi pa zitsamba n'kufunditsa masamba. Mvula yawo yomaliza mbozi zinachuluka kwambiri. Miyendo inali itayamba kuwavuta, choncho ankakhala pakampando n'kumandituma, koma zikwa anaika okha ndi manja awo. Chimanga chitayamba kuuma anagwa pakhomo pa khitchini. Achipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo amayi anu sanalankhulenso mpaka anatisiya. Za tindege sanandisiyire mawu alionse. Akanandisiyira, mwina ndikanakhala ndi chouza anthu.

Tsiku la kusesa

Za maliro sindilemba, munalipo. Ndilemba za m'mawa mwake, tsiku la kusesa, pamene abale amayeretsa pakhomo, kuotcha zinyalala zonse za pamaliro, anthu n'kubalalika. Anyamata inu munali mutapita kukabweza mabenchi kutchalitchi, ndipo iwe Aginesi, mwana wanga wamkazi, unali m'nyumba ndi amayi ena mukulongosola zovala za malemu. Ine ndinakhala pamphasa pakhonde pakati pa amuna, monga namfedwa amakhalira, wosayenera kuyendayenda kapena kulamula kanthu. Akazi a mbumba anayamba kusesa kuchokera kumsewu, motsogozedwa ndi a Velonika, mng'ono wa agogo anu, amene ndiye anali wamkulu wa akazi onse pamudzipo. Pakona pabwalo anali atayatsa kale moto wa zinyalala.

Ndinaona matsache akubwera pang'onopang'ono kulunjika ku gadeniya. Ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza, ndipo sindinganene kuti ndinachita mosadziwa. Ndinkadziwa kuti kutsogolo kuli mwambo wa kusudzula, pamene mbumba imamasula mwamuna wofedwa n'kugamula ngati akhale pamudzi kapena apite kwawo. Ndinkadziwanso kuti mkamwini wokalamba, wa ana akuluakulu, wosayambana ndi munthu, kawirikawiri amamusiya kuti afere pakhomo pa ana ake. Chimene ndinkafunika kuchita n'kukhala chete basi. Masamba akanapsa, zikwa zikanaphulika m'moto, palibe akanadziwa, ndipo mvula ina mwina tindege tina tikanabwera kuchokera kwina. Ndinadziuza zimenezi momveka bwino. Koma tsache la a Velonika litakhudza m'mphepete mwa mulu uja ndinakumbukira kuti chinthu chomaliza chimene manja a amayi anu anakonza pakhomopo n'chimenecho, ndipo ndinapezeka nditaimirira.

"Amayi, pamenepo ayi."

Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira. Matsache onse anaima. A Sitefano anandikoka buluku n'kunong'ona kuti, "Alamu, khalani pansi." Sindinakhale. A Velonika anawongoka, dzanja lili m'chiuno.

"Mwati chiyani, Angozo?"

"Ndati musasese pansi pa maluwapo. Kwina konse sesani."

"Pakhomo pa mwana wanga, tsiku la kusesa, mkamwini andiuze posesa? Pali chiyani pamenepa?"

"Palibe choipa, amayi. Malemu sankalola."

"Malemu tinawaika dzulo. Ndafunsa kuti pali chiyani."

Anatembenuza tsache n'kutakasa masambawo ndi chogwirira. Zikwa zinagubuduzika poyera, zambiri, zofiirira, zonyezimira, zoyalidwa bwino pamalo amodzi moonetsa kuti zinaikidwa ndi munthu. Dzuwa litazimenya zina zinayamba kugwedeza michira. Mayi wina anakuwa kuti, "Mayo ine, n'zamoyo!" ndipo akazi onse anabwerera m'mbuyo. Anthu aja ndi alimi, zikwa amazifukula akamalima ndipo saziopa. Koma kuzipeza zitasanjidwa pakhomo pa munthu amene anangogwa mwadzidzidzi, mwamuna wake n'kumaziteteza pamaliro, inali nkhani ina. Ndinamva mawu kumbuyo akuti, "N'chifukwa chake sankalola kusesa." Wina anayankha kuti, "Ankaletsa ndi malemu kapena ankaletsedwa?"

Ndinayamba kufotokoza monga ndinkachitira pamunda wachitsanzo. Ndinanena za dzira, za mbozi, za chikwa, za kandege, za ndowa kuseri kwa khitchini. Nditatchula ndowa ena anapita kukaziona, n'kubwera akugwedeza mitu. Mmene ndinkafotokoza ndi mmenenso nkhope zinkaumira, pakuti palibe amene akanamvetsa kuti munthu wamkulu, wophunzira, amene ntchito yake inali kupha mbozi, angamaziwete popanda chimene akupezapo. Nditaona kuti mawu sakuthandiza ndinagwada, ndinasonkhanitsa zikwazo ndi manja, ndinazibwezera pamalo pake n'kufunditsa masamba. Ndikudziwa mmene zinaonekera. A Velonika anataya tsache pansi n'kunena kuti, "Tiyeni, kusesa kwatha." Palibe amene anatsanzikana nane.

Kusudzula

Miyezi yotsatira palibe amene ananditchula dzina loipa pamaso. Kungoti ofunsa za feteleza anasiya kubwera, ana ankalambalala bwalo langa, ndipo chakudya chikachoka kwa ine kupita kwa abale chinkabwerera chosakhudzidwa. Kutentha kutayamba tindege tinatuluka. Ndinkakhala pakhonde n'kumationa ndekha. Ndinamva chisoni chachikulu masiku amenewo, chifukwa panalibe womuitana kuti adzaone.

Tsiku la kusudzula litafika anaphika thobwa, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, akazi mbali yawo, amuna mbali yawo, ndi mbale wanga mmodzi wochokera ku Ntcheu. A Sitefano analankhula bwino. Anayamika kuti ndinasunga mlongo wawo zaka zambiri, ndinaphunzitsa ana, sindinamenyepo munthu. Kenaka anati mbumba yandimasula, nyumba ndi ya ana, ndipo poti ana ali kutauni, mudzalowa mwana wa mng'ono wa amayi anu kuti aziisamala. Za ine anati ndingathe kukolola kaye za kudimba. Aliyense anamva tanthauzo lake. Anthu atabalalika a Sitefano anandiperekeza pang'ono, ndipo titafika poduka mphepo anati, "Alamu, ine sindikunena kuti munachita kanthu. Za mbozi zija munandiuzapo, ndikukumbukira. Koma akazi akana, ndipo mudzi ndi wa akazi. Mukanangokhala pansi tsiku lija." Ndinawayankha kuti ndikudziwa. Sindinawasungire chakukhosi ndipo mpaka lero timapatsana moni.

Inu munafuna kuti ndibwere ku Lilongwe, koma ine ndi mipanda ya njerwa sitimvana. Ndinapeza kanyumba ka lendi pa Kamwendo, kuseri kwa sitolo ya mwenye wa nsalu, pamene ndikulembera izi. Bwalo lake ndi la simenti. Tsiku la msika ndimakhala panja kuonerera akabaza ndi maminibasi, ndipo alimi ena akale amandizindikira n'kundifunsa za mbewu.

Chaka chino

Mwezi wathawu iwe Aginesi unapita kumudzi kukaona nyumba, ndipo pobwerera unadzera kuno uli wokwiya. Ndilemba zimene tinakambirana kuti alongo ako amve, poti iwe ukawauza mwa njira yako. Unati, "Ababa, mukudziwa kuti mpaka lero palibe amasesa pansi pa maluwa a amayi? Masamba afika m'mawondo. Ana amawaletsa kuseweretsa dothi pamenepo, nkhuku ikapita amaiingitsa kuti ingadye zoipa, ngakhale duwa palibe amathyola. Akuti ndi pamankhwala a Angozo."

Ndinafunsa kuti, "Nanga tindege?"

"Tadzaza. Masana pamamveka ngati pali ming'oma ya njuchi. Koma si nkhani imeneyo, ababa. Dzina lanu likuipa. Ine ndikatenga ndowa, ndikaikamo mbozi pamaso pa agogo a Velonika ndi mbumba yonse, adikire aone okha chimene chituluke. Akaona adzachita manyazi, ndipo inu mudzabwerera m'nyumba yanu. Nyumba ija ndi yanga, ndili ndi mawu."

Ndikudziwa kuti ungathe, uli ndi mutu wa amayi ako. Ndipo sindibisa, ndimafuna nditagonanso m'nyumba ija. Usiku umene unachoka ndinaganiza za khonde lija mpaka mtima unandiwawa. Koma ndinakuyankha kuti ayi, ndipo unapita osamvetsa, choncho ndibwereze pano. Ndine wokalamba. Ukakayeretsa dzina langa ndidzabwerera, ndidzakhala zaka zowerengeka, ndipo ndidzafera pakhomo pomwepo. M'mawa mwake akazi adzabwera ndi matsache, mantha atawathera, ndipo pamphasa sipadzakhala woimirira. Amayi anu analetsa tsache ndi pakamwa, ine ndinaletsa ndi kugwada, tonse tinalephera. Chimene chakwanitsa ndi dzina loipali.

Tsono ana anga, zoona zake mwazidziwa, ndipo inu ndi amene ndinkafuna kuti mudziwe. Mukawerenga musakawerengere anthu kumudzi. Asiyeni aziopa.